Funsani Malume: bwanji pepala lathu likangonyowa limasanduka phala?

Mwezi uno makalata ambiri omwe afika ndi okhudza mapepala, kaya ndi chifukwa cha mvula yomwe yayamba ndi ukaliyi kaya, nde ndangoti tiwaike pamodzi.

Malume, ndife gulu la amayi 12 kuno ku Zomba, timapanga mapepala pamanja kuchokera ku mapepala otayidwa a mmaofesi ndi ulusi wa thunthu la nthochi, nkumapanga timatumba ta mphatso, makhadi a ukwati ndi maenvulopu. Vuto ndi loti zikangokhudza madzi basi zathera pomwepo. Mwezi watha kasitomala wina anagula timatumba 40, kunagwa kamvula kowaza chabe akutsitsa mgalimoto, timatumba tonse kubooka kunsi, anatiimbira foni atalusa mpaka tinabweza theka la ndalama. Tinayesa kuthira sitachi wa chinangwa wambiri koma ayi ndithu, likauma limalimba ngati katoni koma likanyowa ndi chimodzimodzi kale. Ena akuti tigule mankhwala a ku fakitale koma makasitomala athu amatigula chifukwa timawauza kuti ndi zachilengedwe. Tithiremo chani? Mayi wapampando, Zomba

Amayi, pepani kwambiri, ndalama yobweza imawawa kuposa yotaya panjira. Koma sitachiyo musamunene ayi, mwangomutuma ntchito yosakhala yake.

Inu mukudziwa kuposa ine kuti mukavuula sefa yanu mu beseni simuthira guluu aliyense koma pepala likauma limagwirana lokha. Chimachitika nchoti madzi akamachoka timaulusi tija timayandikana kwambiri mpaka timamatana tokha paliponse pomwe takhudzana, nde madzi akabweranso amalowa pakati pomwepo nkutilekanitsa, ulusiwo suduka ayi, umangotayana basi. Pepala wamba likanyoweratu limatsala ndi mphamvu yosafika olo gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yomwe linali nayo lili louma, ndipo kumafakitale amayamba kulitchula kuti ndi lolimba pamadzi likamatsala ndi 15 peresenti kupita mtsogolo. 15 yokha amayi. Ndiye musamadikire kuti lonyowa lidzafanana ndi louma, olo a makina akuluakulu sanafikepo pamenepo. Sitachi naye amamata mwa njira yomweyo ndipo ndi bwenzi la madzi, takumbukirani yunifolomu yothira sitachi ija, pa Mande yaima njo koma mukangoiviika mu ndowa sitachi yense wapita.

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. China ndi pepala lokana madzi, ngati tsamba la koko lija madzi amangogubuduka pamwamba osalowa. China ndi pepala loti madzi alowa ndithu lanyowa lonse koma silikung'ambika, ngati kathumba ka tiyi mu kapu. Mankhwala a ku fakitale omwe akukuuzaniwo ndi a chachiwirichi, otchuka kwambiri ndi PAE, omwe kampani ya Hercules ya ku America inayamba kugulitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 pa dzina loti Kymene, amamanga timaulusi ndi mfundo zoti madzi sangamasule, ndi omwe ali mmatawulo a pepala a kukhitchini aja. Amagwiradi ntchito, bodza ayi, koma amachokera ku mafuta a pansi panthaka ndipo pepala lake limavuta kulisungunulanso mukafuna kupanga lina. Mwina munazionapo kale, mwanyika mapepala usiku onse ena afewa koma pali tina takana kumangoyandama ngati nsanza, ndi timeneto.

Koma kathumba ka mphatso sikasambira mu kapu. Kakungofunika kapirire kamvula ka mphindi zochepa kuchokera mgalimoto kufika pakhonde. Nde inu chomwe mukufuna kwambiri ndi choyamba chija, ndipo zachilengedwe zimachikwanitsa bwinobwino.

Yambani ndi ulusi weniweniwo musanathire kanthu. Mapepala a mmaofesi ulusi wake ndi waufupi komanso wotopa, wa nthochi ndi wautali, nde pa timatumba onjezerani wa nthochi, muuphike mpaka ufewe ndipo muusinje nthawi yaitali kuposa mmene mumachitira, ulusi wosinjika bwino umakolana kwambiri ndipo pepala lake limakhala lothinana, madzi salowa msanga. Ngati soda wakwera mtengo chidulo chomwe chija chophikira therere chimaphika ulusi, ku Japan anthu akhala akuphika makungwa a mtengo wa kozo mmadzi a phulusa kwa zaka mazanamazana. Ndipo poti tatchula therere, ku Japan komweko amathira mu beseni madzi onanda ochokera ku mizu ya chomera chotchedwa tororo-aoi, chomwe ndi m'bale weniweni wa therere lobala lathuli, nde inunso mutha kunyika therere loduladula usiku, kusefa pa nsalu nkuthira. Koma ndinenetu, therere silimbitsa pepala pamadzi, limangothandiza kuti ulusi ubalalike mofanana osaundana malo amodzi, kungoti pepala lopanda malo opyapyala silibooka msanga.

Tsopano chenicheni, gelatin. Mukaphika mang'ina msuzi uja ukazizira umagwirana nkumanjenjemera, chimenecho ndiye gelatin. Akale a Chiarabu ankapaka mapepala awo sitachi wa tirigu kapena mpunga ngati inu nomwe, koma mtauni ya Fabriano ku Italy m'zaka za m'ma 1200 anayamba kuviika mapepala mu guluu wophika kuchokera ku zikopa ndi zotsalira za nyama, ndipo mapepala a nthawi imeneyo ena alipobe mpaka lero. Mapepala odula ojambulapo ndi penti wa madzi monga a Arches a ku France amathirabe gelatin, ojambula amachita kuwanyika mu bafa asanayambe kujambula osang'ambika. Kachitidwe kake nkosavuta. Pepala liyambe lauma kwa masiku angapo, simuthira mu phala la mapepala ayi. Tengani magalamu 25 a gelatin wa ufa wogulitsa mmashopu mbali ya zophikira makeke pa lita imodzi ya madzi, mumunyike kaye mmadzi ozizira atupe, kenako mutenthetse pang'onopang'ono asungunuke koma asawire, muthire mu thileyi, muviike pepala lililonse lilowe lonse, mufinye pakati pa nsalu, mulekanitse akadali onyowa nkuyanika pamthunzi. Kachidutswa ka alamu (mchere wotchedwa alum pa Chingerezi), galamu imodzi pa lita, kamaumitsa gelatin kuti asasungunuke msanga, koma osapyola apo chifukwa alamu akachuluka pepala limakhala ndi asidi, pakapita zaka limachita chikasu nkumathetheka.

Ine ndinayesapo kupanga wanga wa mang'ina pofuna kupulumutsa ndalama, ndinaphika bwinobwino kusefa mafuta onse, koma ndinachita ulesi ndinausiya mu ndowa masiku atatu mu Okutobala, fungo lake amayi a kunyumba anatulutsa ndowa ndi ine ndemwe, komanso unali wokhathamira kwambiri moti mapepala 30 omwe ndinaviika tsiku loyamba ndinawaunjika pamodzi anamatana kukhala thabwa limodzi. Nde pangani wokwana tsiku limenelo basi. China, gelatin wina wa mshopu amachokera ku nkhumba, werengani pa paketi, kwanu ku Zombako makasitomala a Chisilamu ndi ambiri ndipo ndi bwino azidziwa chomwe agwira mmanja.

Mukafuna kupitirira apo pali tannin, chija chimaumitsa lilime mukamwa tiyi wamphamvu wopanda mkaka kapena mukaluma nthochi yosapsa. Tannin akakumana ndi gelatin amamufufuta ngati mmene chikopa chimafufutidwira, sasungunukanso mwachisawawa. Ku Japan ali ndi kakishibu, madzi a zipatso zosapsa za persimmon omwe amawasiya awole chaka kapena kuposa, amapaka pa pepala mpaka limalimba ngati chikopa, ku Suzuka amapangira mapepala odulamo maluwa odindira nsalu za kimono ndipo amawatsuka mmadzi kambirimbiri osawonongeka. Ife tilibe chipatso chimenecho koma makungwa a mtengo wa wattle, womwe ku South Africa ndi ku Njombe ku Tanzania amaulima chifukwa cha tannin yemweyu, kapena tiyi wotsika mtengo wowiritsa kwambiri, mutha kupaka pamwamba pa gelatin atauma. Pepala lisanduka la bulauni, pa timatumba zimakongola koma pa khadi la ukwati loyera ayi. Ndipo musawiritsire mu poto wachitsulo wa dzimbiri, tannin ndi chitsulo zimabala inki yakuda, muona madontho paliponse.

Anthu a ku Japan omwewa ali ndi chinanso chomwe chimandidabwitsa mpaka pano, ufa wa konnyaku, wochokera ku chomera cha mtundu wa koko. Amaupaka pa pepala, kulikwinya, nkuliviika mmadzi a laimu, likatero limalimba moti ankasokera zovala. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuyambira Novembala 1944, anapanga mabaluni oposa 9,000 a mapepala omata ndi konnyaku, lililonse mamita 10 mulifupi, atsikana a sukulu ndi omwe ankamata, nkumawaulutsa atanyamula mabomba kuwoloka nyanja ya Pacific mpaka ena kukafika ku America. Pepala ndi phala la konnyaku basi. Kuno ufawo ngovuta kuupeza nde ndangokuuzani kuti mudziwe pomwe pepala lingafike.

Mafuta ndi phula ndiye njira yachidule. Phula la njuchi mumalipala pa pepala nkusita ndi simbi pakati pa mapepala ena awiri, madzi amangotsetsereka, kungoti guluu ndi inki sizigwiranso nde muzichita pomaliza kathumba katatha kale. Mafuta a tung ndi omwe ku China amapaka maambulera a pepala, ndipo mtengo umenewu si wachilendo kwathu kuno, mzinda wa Mzuzu unayambira pa esiteti ya mitengo ya tung kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Amatenga masiku kuti aume, si oika pa zokulungira chakudya, ndipo kansanza kopakira musakaunjike pakona, kamatha kuyaka kokha, kayanikeni panja kotambasula.

Koma amayi, mwati timatumba tinabooka kunsi, eti? Ine ndikukayikira guluu wanu kuposa pepala. Ngati mumamata ndi phala la ufa wa chinangwa ndiye kuti msoko ndi womwe unayamba kutaya. Yesani guluu wa chambiko: finyani chambiko cha mkaka wochotsa mafuta pa nsalu, tsukani zoyera zotsalazo, musakanize ndi laimu wonyika pang'ono mpaka zinande. Guluu ameneyu ankamatira matabwa a ndege pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndipo akauma madzi samumasula msanga, kungoti ukamusakaniza samachedwa kulimba nde pangani wochepa. Muikenso kakatoni kunsi kwa kathumba mkati.

Musanapange timatumba 40 tina yesani kaye. Dulani timizere ta pepala totalika ngati chikhatho, mulifupi mamilimita 15, kena kopanda kanthu, kena ka gelatin, kena ka gelatin ndi tiyi, kena ka phula. Mangirirani kumtunda pa msomali, kunsi mukoleke botolo lopanda kanthu ndi pegi yolimba, muzithira madzi mu botolo mpaka kaduke, lembani mulingo wake, kenako bwerezani ndi timizere tonyikidwa mphindi zisanu. Mukatero mundilembere manambalawo, ndikufuna ndiwaone.

Malume ine ndili ndi nazale ya mitengo ndi tomato, machubu a pulasitiki akudula komanso akatha ntchito amangoti mbwee mmunda mbuzi nkumadya. Ndinayesa kupinda manyuzi kukhala machubu koma sabata ziwiri zokha anali ataphwasuka. Ndipake chani kuti afike miyezi itatu? Mlimi wachinyamata, Dedza

Mphwanga, maganizo ako ndi abwino ndipo suli wekha. Ku Hokkaido ku Japan kampani ya shuga ya Nippon Beet Sugar inayamba kale m'ma 1960 kufesa mbande mu timachubu ta pepala tolumikizana ngati zisa za njuchi, amabzala ndi pepala lomwe, kungoti ena mwa mapepala awo amasakanizamo ulusi wa pulasitiki pang'ono kuti achedwe kuwola. Kwathu kunonso chiletso cha mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 chinabwera mu 2015, Supreme Court inachivomereza mu 2019, olo nkhaniyi yakhala ikulowa ndi kutuluka mmakhoti, nde kuganiza za pepala si kupenga ayi.

Koma vuto lako ndi losiyana ndi la amayi a ku Zomba aja. Mdani wako si madzi okha, ndi dothi. Mu dothi lonyowa muli tizilombo ndi nkhungu zomwe chakudya chake ndi pepala, ukapaka sitachi kapena gelatin kapena chambiko wangozithirira ndiwo, zidya msanga kuposa kale, osanenanso za chiswe. Ndipo ukalilimbitsa kwambiri ndi mafuta kapena phula paliponse mizu ikanika kuboola, mbande ipinimbira, wabwerera pomwe unali ndi pulasitiki.

Nde gawa pawiri. Tomato, kabichi ndi zina zomwe zimakhala pa nazale mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono, pepala likwana. Siya manyuzi, funa matumba a simenti a pepala aja, ulusi wake ndi wautali wa mitengo ya paini, ukung'unthe bwino simenti yense, uchotse kapulasitiki kamkati ngati kalimo, upinde kawiri kapena katatu. Ngati ungapeze makungwa a wattle kapena a bulugamu uwiritse unyikemo mapepalawo nkuyanika, tannin amachedwetsako kuwola. Phula upake mmbali mokha, kunsi usiye. Chachikulu ndi kaikidwe, uwathithikize mu kreti agundane okhaokha osasiya mpata, usamawasunthe mpaka tsiku lowokera, chubu cha pepala chimaphwasuka ukachinyamula chili chonyowa osati chikakhala phee, nde tsiku lowokeralo usathirire mmawa, unyamule kreti yonse mpaka kumunda. Pobzala pepala lonse likwiririke, mlomo wake ukatsala pamtunda umakoka madzi ngati chingwe cha nyali nkuumitsa mbande.

Za mitengo ya miyezi itatu kapena kuposa ndisakunamize, pepala lopaka zachilengedwe lokha silifika bwinobwino. Pamenepo ndibwino machubu olimba oti uziwang'amba bwino kapena kuvula nkugwiritsanso ntchito chaka chamawa, kapena timadengu toluka ndi makungwa ouma a nthochi monga ankachitira agogo.

Malume ndinachapa jini muli K2,000 ndi lisiti la ku shopu. Ndalama inatuluka bwinobwino ndinakaguliranso chiwaya, lisiti linasanduka timibulu toyera thumba lonse. Zonsetu ndi mapepala, matsenga ake ndi otani? Wa ku Ndirande

Aise, mwayi wako ndi woti inali ndalama osati satifiketi. Ndalama ya pepala si ya mtengo ngati lisiti, ndi ya thonje, tingoti ndi kansalu. Dola ya ku America mwachitsanzo ndi thonje 75 peresenti ndi linen 25 peresenti. Ulusi wake ndi wautali, amausinja kwambiri, amathiramo mankhwala omanga ulusi pamadzi aja ndatchula pamwambapa, nkudzapakanso pamwamba, kale ankapaka gelatin yemweyu, masiku ano ambiri amapaka mankhwala opanga ku fakitale. Lisiti ndi ulusi waufupi wa mtengo wopanda chilichonse choulimbitsa chifukwa palibe amene amayembekeza kuti likhalitsa. Maiko ena anangosiyiratu pepala, Australia inayamba ndalama za pulasitiki mu 1988, anzathu a ku Zambia anatulutsa K500 ndi K1,000 za pulasitiki mu 2003, oyamba mu Africa muno, koma posintha ndalama mu 2013 anabwereranso ku pepala. Usazolowere kuchapa ndalama, sopo wa ufa ndi jiki zimafufutsa inki ndipo wa minibasi adzakukanira.

Malume, ndikuphunzira za sayansi chaka chachitatu ndipo ndikufuna pulojekiti yanga ikhale ya chitosan pa mapepala. Ndamva kuti amachokera ku zikamba za nkhanu. Kwathu ndi ku Nkhotakota nkhanu ndi zosayamba, asodzi amangotaya zikakodwa mu ukonde. Ndingapange ndekha kunyumba pa holide? Mtsikana wa ku koleji

Mwana wanga, mutu wasankhawu ngwabwino, koma mawu oti kunyumba ndi omwe andiopsa.

Mu chikamba cha nkhanu muli chitin, yemwenso ali mu zikamba za ma prawn a ku Beira, mu ziwala, mu ngumbi, mpaka mu bowa, ndipotu munthu woyamba kumupeza, Henri Braconnot wa ku France mu 1811, anamupeza mu bowa. Chitin payekha sasungunuka mu chilichonse chomwe uli nacho kukhitchini. Kuti akhale chitosan pali masitepe atatu, asidi wa hydrochloric wosungunula kuti achotse laimu wa mchikamba, soda wa caustic wochepa mphamvu kuti achotse zanyamanyama, kenako sitepe yoopsayo, kuphika mu caustic wa 40 mpaka 50 peresenti pa moto wofika madigiri 100 kapena kuposa kwa maola. Dontho limodzi la zimenezo mdiso ndiye kuti diso lapita. Si za pa mbaula pakhonde ana akuthamangathamanga. Pa holide iwe tola zikamba, utsuke, uyanike padzuwa mpaka ziume gwa, usinje, usunge mu botolo lotseka, zinazo ukachitire ku labu ya kusukulu pali aphunzitsi, magalasi a mmaso ndi magolovesi.

Chomwe chimachititsa kuti chitosan akondedwe ndi ichi: ukamusungunula mu asidi wofatsa amakhala ndi chaji ya positive pomwe ulusi wa pepala mmadzi uli ndi ya negative, nde amakokana okha ngati maginito, ndipo akauma asidi uja atachoka sasungunukanso mmadzi wamba, apo ndi pomwe amaposera sitachi. Galamu imodzi mu mamililita 100 a madzi a asidi wa 1 peresenti ndi poyambira pabwino, viniga wa mshopu amakhala wa 5 peresenti nde gawo limodzi la viniga magawo anayi a madzi, utakase nthawi yaitali chifukwa amachedwa. Ukapaka pamwamba pa pepala louma nkuliumitsa ndi kutentha zotsatira zimaoneka msanga kuposa kuthira mu phala. Koma usakalembe mu lipoti kuti wapeza cholowa mmalo mwa PAE, woyesa mayeso wodziwa adzakupanikiza, chitosan amakwezadi mphamvu ya pepala lonyowa koma nthawi zambiri safika pa PAE, ndi wodula, ndipo akakumana ndi zowawasa ngati madzi a mandimu amafewanso.

Ndikanakhala iwe ndikanafanizira zinthu zitatu pa pepala limodzi la nthochi. Chitosan wa nkhanu zathu za mnyanja, chifukwa zambiri zolembedwa ndi za nkhanu za mmadzi a mchere. Citric acid, yemwe ukaviika pepala nkuliwotcha mu uvuni pa madigiri a pakati pa 150 ndi 180 kwa mphindi zochepa amamanga ulusi ndi mfundo zenizeni zosamasuka mmadzi, koma pepala limauma khosi, ukalipinda kangapo limathyoka, nde uyeze kupindako. Ndi dialdehyde starch, yemwe ndi sitachi wosinthidwa ndi mankhwala otchedwa periodate, ameneyu ngosangalatsa chifukwa mphamvu yake ndi ya kanthawi, pepala limalimba likangonyowa kumene koma likakhalitsa mmadzi limamasuka, zomwe ndi zofunika pa tishu wa kuchimbudzi, apo bii mapaipi onse atseka. Sitachi wake utha kutenga wa chinangwa cha kwanu ku Nkhotakota komweko. Uyeze mphamvu pa masekondi 10, pa mphindi 30 ndi pa maola awiri, girafu yake yokha idzakupatsa mamalikisi.

Ndipo ngati pepalalo nlokulungira chakudya ulembe poyera kuti muli za nkhanu, pali anthu omwe thupi lawo limadana nazo.

Malume zoona kuti mu timatumba ta tiyi muli pulasitiki? Ndinataya tambiri pa kompositi, patha miyezi ndikupeza timaukonde toyera tosawola. Agogo a ku Chilomoni

Agogo, maso anu sanakunamizeni. Pepala la kathumba ka tiyi nthawi zambiri limapangidwa ndi abaca, chomera chofanana ndi nthochi chomwe chimalimidwa kwambiri ku Philippines ndi ku Ecuador, ulusi wake ngwautali komanso wolimba mwachibadwa nchifukwa chake kale ankapotera zingwe za sitima zapamadzi, nde pepala limatha kukhala lopyapyala madzi nkumadutsa koma osang'ambika. Ulusi umenewo umawola bwinobwino. Timaukonde mwapezato ndi polypropylene, ulusi wa pulasitiki womwe amasakanizamo kuti makina akapana mmbali ndi chitsulo chotentha kathumba kamatike. Yang'anani mmphepete, kakakhala ndi mkombero wophwatalala wa timizeremizere kuzungulira ndiye komata ndi moto, kakakhala kopinda nkumanga ndi kaulusi kapena kawaya nthawi zambiri mulibe pulasitiki ameneyo olo mutha kukhala mankhwala olimbitsa aja. Makampani ena anasintha nkuyamba pulasitiki wotchedwa PLA wopangidwa kuchokera ku sitachi wa chimanga, koma nayenso amafuna kutentha kwa kompositi ya ku fakitale, pa dzala la kuseri kwa nyumba amakhalitsa ndithu. Nde muzing'amba kathumbako, masamba pa kompositi, chikopa chake mu bini, kapena mungobwerera ku tiyi wa masamba wa ku Thyolo ndi Mulanje ndi kasefa kanu kaja.